Nkhumba Zingati, Mayi?

Mzime anali akuchapa ovolosi yake ya kuntchito pamwala wa kuseri kwa nyumba pamene mkazi wa dalaivala, wa khomo loyandikana, anasuzumira pampanda.

"Aneba, mwamva? Akulu anu aja abwereka ndowa."

Mzime sanaweramuke. Ovolosiyo inali ndi fungo lowawasa lomwe sopo ankalilephera. "Mwina yawo yabooka," anatero.

"Abwereka yaikulu, kwa mkazi wa telala. Akuti mawa alawirira kuntchito kwanu, ku geti la kuseri. Ine ndati ndikutsineni khutu, mungadzidzimuke nawo pamzere."

Manja a Mzime anaima m'thovu. Anathokoza, mnzakeyo n'kubwerera ku mapoto ake. Iye anatsala akuyang'ana chumuni cha fakitale, chomwe chinkaonekera pamwamba pa madenga a nyumba za kampani.

Fakitaleyo inkagula chimanga n'kuchisandutsa mafuta a galimoto. Inkachigaya, kuchiviika m'matanki aakulu, kuchisasitsa ngati mowa, kenako n'kutcheza madzi oyera omwe ankakawasakaniza ndi petulo. Itangotsegulidwa, anthu anati mwayi wafika. Alimi anagulitsa chimanga chisanaume n'komwe, ndipo eni minda analanda minda yomwe ankabwereketsa kuti azilima okha cha fakitale. Chaka chotsatira mvula inadula msanga, koma malole sanasiye kulowa pageti lalikulu, odzaza mpaka kupendekeka. Pamsika ufa unayamba kugulitsidwa m'timapepala ngati mchere. Chigayo cha m'mbali mwa msewu chinakhala chete, mwini wake n'kumangowodzera pakhomo.

Zotsala za chimangacho, masese otentha onga phala lolimba, zinkatulukira papaipi yaikulu kuseri kwa fakitale. Ntchito ya Mzime inali yoima pamenepo ndi fosholo, kuthira masese m'ndowa za oweta ziweto. Pamwamba pa mutu wake panali chikwangwani chonena kuti ichi ndi chakudya cha ziweto, si cha anthu. Kampani inkaopa milandu, choncho inaika lamulo lakuti aliyense azifunsidwa kaye ziweto zomwe ali nazo, ayankhe ndi pakamwa pake. Poyamba kunkabwera anthu ochepa, a makola enieni. Tsopano mzere unkafika mpaka pakamlatho ka ngalande, ndipo m'dera lomwe nkhumba yomaliza inadyedwa kalekale, munthu aliyense anali ndi nkhumba. Masesewo ankawayanika, kuwasinja, kuwasakaniza ndi kaufa, ana n'kugona ndi kanthu m'mimba.

Mzime ankafunsa funsolo tsiku ndi tsiku, ndipo madzulo pogwada ankalitchula kwa Mulungu mwachidule, ngati munthu wotchula chilonda chomwe dokotala akuchidziwa kale. Kusiya ntchito sakanatha. Nyumba inali ya kampani, bambo a kunyumba anali chigonere ndi chifuwa, ndipo ana awo ankadya fosholo yomweyo. Kutuluka ndi masese sakanathanso, chifukwa antchito ankawasecha pageti mpaka m'nsapato.

Koma akulu ake anali munthu wina. Achemwali akewo ndiwo anamulera mayi awo atamwalira, ndipo mpaka lero ankamuitana kuti Mzime, dzina lomwe linamukakamira ngakhale imvi zitayamba. Ankatsogolera mapemphero a amayi, ndipo bodza sankalidziwa ngakhale la ulemu. Ukawapatsa chakudya n'kufunsa ngati chakoma, ankati, "Mchere wachuluka, koma Mulungu akudalitse." Munda wawo wobwereka unali m'gulu la minda yolandidwa ija. Mwana wawo wamkazi anapita kukafuna ntchito kutali, n'kuwasiyira adzukulu atatu, ndipo kuyambira pamenepo zake zinali zii. Mzime ankawapatulira kaufa mwezi ukatha, koma kankatha mwezi usanafike pakati.

Anayanika ovolosi ija isanayere bwino, anapatsa bambo madzi akumwa, n'kuuyamba ulendo dzuwa likupendeka.

Anawapeza atakhala pakhonde, akusoka kabudula wa mdzukulu. Ndowa yobwereka inali pambali pawo, yotsukidwa bwino, yovundikira. Ana atatu aja anakhala motsamira khoma. Sankasewera, ndipo ndi chimene chinamuopsa Mzime koposa.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

"Taswera. Mlamu wanga akupeza bwanji?"

"Akutsokomolabe, koma lero amwako phala."

"Tithokoze pamenepo."

Mzime anakhala pansi, n'kuyang'ana ndowa ija. "Ndamva kuti mawa mubwera."

"Wamva zoona."

"Mukudziwa zimene ndimafunsa?"

"Dziko lonse likudziwa."

"Ndiye mukangoti zitatu, achemwali. Mawu amodzi. Ine ndithira, inu n'kumapita."

Akulu ake anadula ulusi ndi mano. "Zitatu ziti? Izi?" Analoza ana aja ndi singano. "Uyu wamkuluyu ndinamulandira ndekha m'manja mwanga. Ndikaime pagulu ndinene kuti ndi nkhumba?"

"Palibe amene amaganiza choncho. Aliyense amadziwa kuti n'kungonena."

"Ngati aliyense akudziwa, ukufunsiranji?"

"Ndi lamulo la kampani."

"Ndiye kampaniyo imve. Mwina sinauzidwepo. Mwina onse amene amaima pamzere paja amaipusitsa, iyo n'kumagona tulo tabwino poganiza kuti kuno kuli makola okhaokha. Ine ndikapempha monga munthu. Akandimana, andimane monga munthu."

"Akamva kuti anthu akudya, atseka paipi ija. Onse aja adzadya chiyani?"

Akulu ake anapinda kabudula uja, n'kumuika pamwendo. "Iwe Mzime, ndakhala ndikuuza amayi anzanga kuti Mulungu sasowa bodza lathu kuti atidyetse. Ena mwa iwo adzakhala pamzere pomwepo. Ndinkanena zimenezo nditakhuta. Tsopano ndikazisinthe chifukwa m'mimba mwalira?"

"Tumani wamkuluyu, ndiye."

"Ndimuphunzitse mwana zimene ine zikundikanika?"

Mzime anatulutsa kabuledi kochepa komwe anakakulunga m'mpango, n'kupatsa mdzukulu wamkulu. Mtsikanayo anakanyema patatu, kenako anabenthula pa gawo lake n'kuika pabondo la agogo ake. Agogowo anachita ngati sanaone, mpaka kamng'ono kwambiri kanadzatola.

Pobwerera, Mzime anapemphera m'njira kuti mvula igwe, kapena paipi itsekeke, kapena akulu ake adzuke ndi mwendo wowawa. Pemphero lomalizali anachita nalo manyazi, n'kulibweza.

M'mawa kunacha bwino. Mzime akuvala magambutsi m'kachipinda ka antchito, akapitawo analowa. Anali bambo wofatsa, wodwala msana, amene mzere ukayamba ankakonda kutembenuka n'kumayang'anitsitsa mabawuti a paipi ngati pali china chawonongeka. Sananenepo chifukwa chake, ndipo Mzime sanawafunsepo.

"Mayi, lero kuli mlendo wochokera ku likulu," anatero motsitsa mawu. "Kwamveka mphekesera kumeneko. Akuti akapeza kuti anthu akudya, masese onse aziwatengera ku makola a ng'ombe a kutali, geti lino n'kulikhoma. Lero mufunse mokweza, aliyense. Ine ndawauza kale a pamzere kuti nthabwala azisiye kunyumba."

"Akhala nthawi yaitali?"

"Mpaka akhutire."

Mlendoyo anali mnyamata ndithu, wa chipewa choyera cha pulasitiki ndi nsapato zosazolowera matope. Sankaoneka wankhanza. Anapereka moni kwa Mzime mwaulemu, n'kuima pambali atagwira kampango pamphuno. Paipi inatsokomola, masese n'kuyamba kugwera m'chimphika cha simenti, nthunzi ili tolotolo.

Woyamba pamzere anali wokonza njinga, mkulu wa mano ochepa ndi pakamwa posatopa. Masiku onse akafunsidwa ankati, "Zisanu, mayi, ndipo imodzi ikulemba mayeso chaka chino." Lero anavula chipewa.

"Nkhumba zingati, bambo?"

"Zisanu, mayi."

"Zikudya bwino?" anafunsa mlendo uja.

"Bwana, zimachita kunyambita mbale." Akapitawo anatsokomola. "Ndikunena chodyeramo chawo, bwana. Ife timati mbale."

Mzime anathira, wokonza njinga n'kusuntha. Anabwera mkazi wa telala, nkhumba ziwiri. Anabwera mwini chigayo, zinayi, maso ali pansi. Anabwera mayi wina wa mwana kumsana, ndipo mwanayo anatambasula dzanja kufuna kutapa m'ndowa, mayi ake n'kulibweza msanga. Fosholo inkalowa, inkatuluka. Mzime sankayang'ana kutali, koma mpango woyera wa akulu ake ankauona ukuyandikira, monga munthu amaonera mtambo uku akuyanika ufa.

Kenako ndowa yotsukidwa bwino ija inatera patsogolo pake.

Anayesa kuthira osafunsa. Fosholo itadzaza kale, mlendo uja anati, "Mayi, mwaiwala funso."

Mzime anatsitsa fosholo. "Nkhumba zitatu, eti mayi?"

"Musawayankhire. Afunseni."

"Nkhumba zingati, mayi?"

Akulu ake anayang'ana mlendoyo, osati iye. Anayankhula mofatsa, ndi mawu omwe ankatsegulira nawo mapemphero. "Mwana wanga, ine nkhumba ndilibe. Ndili ndi adzukulu atatu, ndipo dzulo agonera kabuledi. Ndabwera kudzapempha chakudya."

Mzere wonse unati zii. Paipi yokha ndiyo inapitiriza kulavula. Mlendo uja anachotsa kampango pamphuno, n'kuyang'ana ndowa zonse zija mpaka kukamlatho.

"Mukutanthauza kuti izi mukadyetsa ana?"

"Ndikadyetsa ana."

"Alipo ena amene amachita zimenezi?"

Mzime anaona milomo ya akulu ake ikutseguka. Ankawadziwa. Sakanatchula munthu dzina, koma sakanatinso ayi. Anaona mwini chigayo ataima chapatali ndi ndowa yake, mayi wa mwana kumsana uja, akapitawo atagwira msana. M'maganizo anaona bambo a kunyumba pamphasa, ndi katundu wawo ali panja pa nyumba ya kampani. Mawu anatuluka asanawayeze.

"Bwana, musavutike nawo awa. Mutu wawo suyenda bwino."

Mlendoyo anatembenuka. "Mukuwadziwa?"

"Tonse timawadziwa. Amayendayenda. Tsiku lina anabwera kudzapempha petulo kuti akaphikire tiyi." Anadabwa kumva mawu ake ali osalala chotero. "Adzukulu akunenawo kulibe. Amangoyankhula."

Panadutsa kamphindi, kenako wokonza njinga, yemwe anali asanapite, anaseka. Kunali kuseka kouma, kokoka ndi zingwe, koma ena anakulandira. "Zoona, bwana," anatero wina kumbuyo. "Ndi odwala amenewo." Mkazi wa telala, mwini ndowa ija, anagwedeza mutu kuvomereza, misozi ili m'maso. Amayi awiri a gulu la mapemphero anayang'ana kumbali, koma nawonso anati, "Ndi odwala."

Apo ndi pamene akulu ake anamuyang'ana. Sanakwiye. Anamuyang'ana monga ankachitira kale akamusambitsa, pofufuza ngati patsala litsiro kuseri kwa khutu. Kenako anayang'ana mzere wonse, nkhope imodzi imodzi, anthu omwe anawapemphererapo m'zipatala ndi m'maliro. Mzime anadikira kuti atsutse. Akanangotchula kuti uyu ndi mng'ono wanga, zonse zikanathera pomwepo.

Sananene kanthu. Anawerama n'kutola ndowa yawo.

Mlendo uja anaoneka womasuka, komanso wachisoni. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa paketi ya mabisiketi. "Tengani, agogo. Izi zili apazi si za anthu, zingakupwetekeni m'mimba. Kodi alibe abale owasamala?"

"Alipo," anatero akapitawo, akuyang'ana mabawuti a paipi.

Akulu ake analandira mabisiketiwo ndi manja awiri. "Mulungu akudalitse, mwana wanga," anatero, n'kutembenuka. Anthu anawapatukira. Anayenda m'mbali mwa mzere wonse, ndowa yopanda kanthu ikugunda mwendo, mpaka anawoloka kamlatho.

"Wotsatira," anatero Mzime. "Nkhumba zingati, bambo?"

Anafunsa mpaka mzere unatha. Mlendo uja anachoka dzuwa lili pamutu, atagwira akapitawo chanza n'kunena kuti waona yekha, mphekesera zija zinali za anthu osafunira kampani zabwino. Geti la kuseri lipitiriza kutsegulidwa. Akapitawo anabwera pomwe Mzime ankatsuka fosholo, anaima pang'ono, n'kumusiyira kapu ya tiyi wawo pamwamba pa chimphika. Tiyiyo anazizira pomwepo.

Ataweruka, Mzime anasechedwa monga mwa masiku onse, ndipo sanapite kunyumba. Anadutsa pamsika, pomwe ana ena ankathamangitsana. Mmodzi anafuula kwa mnzake kuti, "Ndikupatsa petulo uphikire tiyi!" onse n'kugwa nako kuseka. Nkhani inali itafika kale. Mzime anadziwa kuti masese adzatha, njala idzatha, koma bodza ili lidzatsala. Amayi aja akadzakumana kuti apemphere, adzayang'ana ndani kutsogolo?

Pakhomo pa akulu ake anamva fungo lowawasa lija asanakhote pangodya ya nyumba. Anaima. Pabwalo panali thumba loyalidwa, ndipo akulu ake anagwada pambali pake, akumwaza masese ndi manja kuti aume ndi kadzuwa kotsala. Mdzukulu wamkulu ankaingitsa ntchentche ndi kanthambi. Ang'ono awiri aja ankanyambita pepala la mabisiketi.

"Odi," anatero Mzime.

"Lowa." Sanadzutse mutu.

Mzime anayandikira, n'kuima ngati mlendo wosadziwa pokhala. "Awa achokera kuti?"

"Wokonza njinga. Wabwera ndi theka la ndowa yake. Akuti nkhumba zake zadwala, sizikudya."

"Ndiye inu mwati chiyani?"

Manja aja anaima pang'ono, kenako anapitiriza kumwaza. "Sindinamufunse kanthu. Ndalandira." Anaphwanya chibuma cha masese ndi chala chachikulu. "Ndinkadziwa kuti akunama, ndipo ndatambasula manja. Kuja nako ndinakhala chete, anthu n'kukhulupirira zabodza ine ndili pomwepo. Ndiye usaime ngati waona mngelo. Tonse tanyowa."

"Mawa ndifunsanso funso lomwe lija."

"Ndikudziwa."

"Ndipo inu simungabwerenso pamzere. Akapitawo ati mlendo uja akhoza kudzabweranso osanena."

"Wamisala amabwera nthawi iliyonse," anatero akulu ake. "Koma sindibwera."

Mdzukulu wamkulu anasiya kuingitsa ntchentche. "Agogo aang'ono," anatero kwa Mzime, "kumpopi akunena kuti inu mwati ife kulibe. Zoona?"

Mzime anayang'ana kwa akulu ake. Iwo sanamuthandize. Anangopitiriza ntchito yawo, msana wawo wowonda ukuonekera m'bulauzi, ndipo kwa nthawi yoyamba Mzime anaona kuti munthu amene anamubereka kumsana uja wachepa thupi kuposa iye.

Anagwada pafumbi, mbali ina ya thumba lija, magambutsi akumukanikiza m'zidendene. Anayamba motsitsa, koma anakumbukira kuti zija ananena mokweza, pamaso pa anthu, ndipo anakweza mawu mpaka a nyumba yoyandikana anasiya kusinja.

"Ndinanena ndine, mwanawe. Mulipo, nonse atatu, ndipo agogo anuwa mutu wawo ndi wabwino kuposa wa tonsefe. Achemwali, munandilera ndinu, ndipo lero ndakuvulani pagulu. Ndikhululukireni. Inunso ana inu, ndikhululukireni."